Mabatire atatu afa pa chaka chimodzi: tigule batire lachiwiri kapena stator yaikulu?

Funso: Ndimagwira ntchito pa famu ya mapeyala ndi makadamiya kufupi ndi Tzaneen, ku Limpopo, ndipo kagalimoto koyendera m'munda kali m'manja mwanga. Ndi Polaris Ranger ya petulo, yakale ndithu, ndipo buku lake likuti imapanga ma watt 560. Chaka chatha abwana anaikitsa winchi, nyale yaitali ya LED padenga yolembedwa 300 W, tinyale tiwiri tam'mbali, wailesi yolankhulirana ndi kabokosi koziziritsa madzi akumwa. Masana timanyamula pampu yopopera mankhwala a udzu, usiku timazungulira mpanda pang'onopang'ono chifukwa cha akuba zipatso. Chiyambire pamenepo tagula mabatire atatu. Lililonse limayamba bwino, koma pakatha miyezi itatu kapena inayi, m'mawa ukapotokola kiyi kumangomveka thi thi thi. Abwana akuti tiike batire lachiwiri, mnzanga akuti tisinthe stator. Ine ndikuopa kuwagulitsa chinthu chodula, vuto osatha, mlandu n'kukhala wanga. Ndithandizeni.

Yankho: Achimwene, musagule kaye chilichonse. Mabatire atatu mwataya aja ndikukhulupirira kuti anachoka kusitolo ali bwinobwino. Anafa ndi njala. Usiku uliwonse ankatulutsa magetsi ochuluka kuposa omwe ankalandira, masana osakhuta, mpaka anafooka kotheratu. Mukaika lachinayi popanda kusintha china chilichonse, lidzatsata anzake aja. Mukaika awiri adzafa awiri, kungoti mochedwerapo.

Batire lili ngati mtsuko, ndipo stator ndiye kasupe. Pakhomo pakachuluka anthu, madzi n'kumatha dzuwa lisanalowe, kugula mtsuko wachiwiri kumathandiza pokhapokha ngati kasupeyo ali ndi madzi okwanira kudzaza yonse iwiri. Ndiye funso loyamba ndi lakuti: kasupe wanu akutulutsa angati pa liwiro lomwe inu mumagwirira ntchito, ndipo akumwawo akumwa angati?

Galimoto zazikulu monga Hilux kapena Land Cruiser zili ndi alternator, makina opangira magetsi ozunguzidwa ndi lamba. Kapule kake n'kakang'ono kuposa ka injini, choncho injini ikazungulira kamodzi, alternator yazungulira kawiri kapena katatu, ndipo ngakhale galimoto itaima pa maloboti imatchajabe ndithu. Ranger yanu ilibe zimenezi. Ili ndi stator, mawaya amkuwa okulungidwa pa chitsulo chooneka ngati nyenyezi, chobisika m'mbali mwa injini, ndipo flywheel yokhala ndi maginito imazungulira mochizinga. Maginitowo amathamanga pa liwiro la injini lenilenilo. Injini ikafatsa, magetsi nawo amachepa. Magetsiwo amatuluka ali AC, osinthasintha kolowera, pa mawaya atatu, kawirikawiri achikasu, n'kupita ku regulator, kabokosi kachitsulo ka zipsepse, komwe kamawasandutsa DC, olowera mbali imodzi ngati a batire, ndi kuwaletsa kupitirira ma volt 14 ndi theka. Dongosolo lake ndi lomwe lija la njinga zamoto za kabaza kwathu kuno. Anyamata akaonjezera nyale zamitundumitundu ndi sipika amabwera kudzandidandaulira kuti mabatire a masiku ano ndi abodza, chonsecho njingayo imathera nthawi yaitali ikungolira pa siteji, nyale zili ngwee, kudikira makasitomala.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Ma watt 560 kuwagawa ndi ma volt 14 akutipatsa ma amp 40. Koma nambala ya m'bukuyo imapezeka injini ikuthamanga, ikuzungulira cha m'ma 3,000 pa mphindi (rpm) kupita m'mwamba. Pa idling, injini ikungolira osaponda mafuta, kapena poyenda ngati munthu wapansi m'mbali mwa mpanda, yembekezerani theka lake kapena kupitirirako pang'ono, tinene ma amp 20 mpaka 25. Amenewa si anu onse. Galimoto imayamba yadya yokha. Pampu ya petulo, kompyuta ya injini, ma injector ndi coil zimatenga pafupifupi ma amp 8 mpaka 10 nthawi yonse injini ikulira. Fani ya radiator ikadzuka imatenga ena 10 kapena kuposa, ndipo vuto lake lili apa: mukamayenda pang'onopang'ono palibe mphepo yolowa kutsogolo, ndiye usiku wotentha wa mu December kumeneko faniyo imakhala ikungozungulira osapuma kwenikweni. Nyale ziwiri zakutsogolo, ngati zikadali za halogen, ndi ma amp 8. Tafika kale pa 28 tisanayatse chilichonse cha zomwe abwana anaikitsa. Ngati chiwongolero chili ndi power steering yamagetsi, nayonso imakoka yake pokhota paliponse.

Tsopano onjezerani zatsopano zija. Nyale yapadenga ikanakhala ya ma watt 300 enieni ikanadya ma amp 21 payokha. Zotchipa zambiri zomwe ndapimapo zimadya theka la zolembedwa pa katoni kapena kucheperapo, ndiye tiipatse 10. Tinyale tam'mbali, 4 tonse tiwiri. Kabokosi koziziritsa madzi, ngati ndi kaja kopanda compressor, kokhala ndi kafani pa chivundikiro, kamadya ma amp 4 kapena 5 mosalekeza, kaya madzi azizira kale kaya ayi. Wailesi imadya pang'ono pomvetsera, zambiri polankhula. Zonse pamodzi zikuyandikira 48, pomwe kasupe akupereka 25. Otsalawo, oposa 20, akuchokera m'batire. Batire la galimoto zoterezi limakhala la ma Ah 30 kapena cha pomwepo (Ah imodzi ndi amp imodzi kwa ola limodzi), ndipo batire la mtovu silifuna kutsika kupitirira theka. Theka la 30 ndi 15. Ma Ah 15 pa ma amp 20 amatha m'mphindi 45. Ngati ulonda wanu umatenga maola awiri, batire limafika kunyumba lili gwa, lopanda kanthu, usiku uliwonse.

M'mawa likanayenera kudzazidwanso, koma m'mawa ndi nthawi yopopera. Mukuyendanso pang'onopang'ono pakati pa mizere, pampu ikudya ma amp 5 mpaka 8, fani ikuzungulira. Chotsala cholowa m'batire n'chochepa kwambiri. Batire la mtovu likamakhala losadzaza masiku ambiri, pa mapuleti ake pamamera timiyala ta sulphate tomwe timauma osasungunukanso, ndipo malo osungira magetsi amanka nachepa. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Miyezi itatu kapena inayi mukunenayo ikugwirizana ndendende ndi zomwe ndimaona pa mabatire ozunzidwa chonchi. Ndipo mukudziwa kale kuti galimoto ya CVT ngati yanuyo, yosintha magiya yokha ndi lamba, siilira poikankha ngati minibasi. Ikakana kumpanda usiku, mwatsala pomwepo.

Winchi ndi nkhani ina. Winchi ya makilogalamu 2,000 ikamakoka mwamphamvu imatha kudya ma amp 200 kapena kuposa. Palibe stator yomwe ingapereke zimenezo, ngakhale ma alternator a galimoto zazikulu zambiri sangathe. Winchi imadya kuchokera m'batire nthawi zonse. Mphindi imodzi yokoka pa ma amp 200 imachotsa ma Ah oposa 3, ndipo kuwabweza ndi ma amp 10 otsala kumafuna mphindi 20 kapena kuposa. Ndiye pokoka, injini izilira, mwapondako mafuta pang'ono, nyale zosafunika mwazimitsa, ndipo muzikoka pang'ono n'kupumira. Zikatero winchi siivuta, chifukwa siigwira ntchito tsiku lililonse. Zomwe zikupha mabatire anu ndi zinthu zazing'ono zomwe zimayaka maola ambiri.

Manambala ndapereka apawa ndi omwe amapezeka kawirikawiri pa galimoto za mtundu umenewu. Enieni a galimoto yanu muwapeza ndi mita. Multimeter wamba ndi yokwanira kuyambira. Mukapeza clamp meter yopima DC, yoti mumangopana waya osaudula, mwapeza bwenzi. Onetsetsani kuti ndi ya DC, chifukwa zambiri zotchipa zimapima ma amp a AC okha.

Yambani ndi batire lodzaza, lomwe lagona usiku osagwiritsidwa ntchito. Lizionetsa ma volt 12.6 mpaka 12.8. Likaonetsa 12.2 lili pa theka. Lizani injini, zonse zili zozimitsa, mupime pa mitu ya batire. Pa idling muone 13 ndi kanthu, mukaponda mafuta pafike pakati pa 13.8 ndi 14.6. Pakapitirira 15, regulator yafa ndipo ikuphika batire. Kenako, injini ili pa liwiro lomwe mumayendera usiku, yatsani zinthu chimodzichimodzi, maso ali pa mita, ndipo mudikire fani idzuke. Ma volt akakhala pamwamba pa 13, kasupe akukwanitsa. Akayamba kutsika pansi pa 12.6 n'kumapitirirabe kutsika, mwayamba kudya batire. Lembani chinthu chomwe mwayatsa pamene mita yadutsa malire amenewo. Pepala limenelo ndi lomwe mudzapite nalo kwa abwana. Pomaliza zimitsani kiyi, mupime ngati pali chomwe chikudyabe galimoto itagona. Tchaja ya foni, wailesi kapena tracker zolumikizidwa molunjika ku batire zimayamwa usiku wonse mwakachetechete.

Pali kupima kwina komwe amakaniko ambiri kwathu amakukonda, kochotsa mutu wa batire injini ikulira kuti aone ngati izime. Musayerekeze. Batire ndi lomwe limameza magetsi akalumpha, ndipo mukalichotsa kulumphako kumakagwera kompyuta ya injini, yomwe mtengo wake umaposa mabatire onse mwagula aja.

Ma volt akakhala otsika ngakhale zonse zili zozimitsa, ndiye kuti stator kapena regulator yadwala kale, ndipo n'zotheka ndithu pambuyo pa chaka chonse chogwira ntchito yoposa msinkhu. Tsatirani mawaya atatu aja kuchokera pa injini mpaka pa pulagi yake, muitsegule. Pulagi yoderako, yosungunuka kapena yonunkha kupsa ndi chinthu chomwe ndimachipeza kawirikawiri kuposa stator yopsa. Mano ake akachita dzimbiri kapena kukhwepa, pamatentha, ndipo magetsi amathera pomwepo osafika ku batire. Injini ili yozima, pimani ma ohm pakati pa mawaya awiriawiri, mbali ya ku stator. Manambala atatuwo akhale ofanana, ochepera pa ohm imodzi. Pakati pa waya uliwonse ndi chitsulo cha injini pasakhale njira konse. Kenako ikani mita pa AC, lizani injini pulagi ili yotsegula, mupimenso awiriawiri. Ma volt akhale ofanana konse kutatu ndipo azikwera mukaponda mafuta. Samalani zala, chifukwa apa amatha kupitirira ma volt 50. Mbali imodzi ikatsalira kwambiri, stator yapsa. Zonse zikakhala bwino koma ku batire kukufika zochepa, kayikirani regulator ndi mawaya ake.

Za regulator ndichedwepo pang'ono, chifukwa anthu ambiri sadziwa mmene imagwirira ntchito. Maginito a flywheel sazimitsika. Stator imapanga magetsi kaya mukuwafuna kaya ayi, ndipo ma regulator ambiri a galimoto zoterezi amachotsa otsalawo powabwezera ku stator komweko, zomwe zimabala kutentha mu regulator ndi mu stator momwe. N'chifukwa chake kabokosiko kali ndi zipsepse. Pa famu zipsepsezo zimadzaza matope ouma, udzu ndi fumbi la mankhwala, kabokosi n'kumapsa pang'onopang'ono. Kutsuka pamenepo sabata iliyonse sikufuna ndalama. Pogula yatsopano, ya mtundu wa MOSFET siitentha ngati zakale zija.

Tiyerekeze kuti mwapima, zonse zili moyo, kungoti katundu wachuluka. Njira yotchipa kwambiri yoonjezera magetsi ndi kuchepetsa akudya. Mababu a halogen akutsogolo mukawasintha ndi a LED abwino, ma amp 8 aja amatsika kufika cha pa 3. Kabokosi koziziritsa kazimitsidwe usiku, kapena kalowedwe m'malo ndi bokosi wamba la ayezi. Ngati abwana akufunadi firiji, ya compressor ndiyo yabwino, chifukwa ikazizira imapuma. Tinyale tam'mbali tikhale ndi switch yakeyake, tiziyaka pokhapokha pamene mukuunika china chake. Ndipo chinthu chomwe madalaivala ambiri sachita: poyenda pang'onopang'ono, lowetsani giya ya L. Pa liwiro lomwelo la matayala injini imathamanga kwambiri, stator imapereka zochuluka, ndipo lamba wa CVT amakhalitsa, chifukwa kukwawa pa H n'komwe kumamupsereza. Werengeraninso tsopano. Injini 10, fani 10, nyale zakutsogolo 3, yapadenga 10, wailesi 1, zonse 34, pomwe kasupe wakwera kupitirira 30. Dzenje la ma amp oposa 20 lija latsala pang'ono kutsekeka, ndipo ndalama zomwe mwaononga ndi za mababu awiri ndi switch.

Chachiwiri ndi tchaja yapakhoma, yamakono yodziletsa yokha batire likadzaza, ya ma amp 5 mpaka 10. Ikani kapulagi kake pa galimoto, kokhala ndi fyuzi, kuti mukabwera ku ulonda muzingolumikiza mu shedi. Pa zonse zomwe ndingakuuzeni, ichi ndi chomwe chingatalikitse moyo wa batire kuposa china chilichonse, chifukwa batire la mtovu limafuna kudzaza mpaka pakamwa kawirikawiri, ndipo gawo lomaliza la kudzazako limatenga maola, zomwe maulendo afupiafupi a pa famu sangapereke. Ngati kushedi kulibe magetsi, sola ya ma watt 100 imakwana padenga la Ranger. Dzuwa likakhala bwino imapereka ma amp 5 kapena 6, ndipo pa tsiku lowala imatha kubweza ma Ah 20 ndi kanthu. Iyenera kudzera pa controller, kabokosi koletsa batire kudzaza mopitirira muyeso, osalumikiza molunjika. Pansi pa mitengo ya mapeyala siithandiza, ndiye poimika galimoto masana muzisankha poyera.

Apa ndi pomwe batire lachiwiri la abwana likulowa, ndipo maganizo awo si olakwika. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza batire lolizira injini. Nyale yapadenga, wailesi, firiji ndi pampu zimasamukira ku batire lachiwiri, loyambalo n'kutsala ndi ntchito ya galimoto yokha, kuti ngakhale mutamaliza lachiwirilo kumpanda, kiyi azilizabe. Kuti zitero pakati pawo pamafunika chodulira. Chodziwika ndi relay yomva ma volt, yomwe imalumikiza mabatire awiriwo loyamba likakwera kufika cha pa 13.3, n'kuwalekanitsa likatsika cha pa 12.8. Osangowamangirira pamodzi ndi mawaya, makamaka lakale ndi latsopano, chifukwa lofooka limayamwa lamphamvu. Lachiwirilo likhale la deep cycle, la AGM, lopirira kutsika ndi kugwedezeka, lomangidwa zolimba pamalo osatentha. Muyembekezere chinthu chimodzi: pa ulonda wapang'onopang'ono ma volt akatsika, relay idzalekanitsa, ndipo batire lachiwiri lidzanyamula katundu wake lokha. Nyale ya ma amp 10 kwa maola awiri ndi ma Ah 20, ndiye batire la ma Ah 50 kapena kuposa ndi lomwe lingapirire osatsika kupitirira theka. Ndipo m'mawa liyenera kudzazidwa, zomwe zikutibwezeranso ku tchaja kapena sola ija.

Wina adzakuuzani za batire la lithium. Ndi lopepuka, limalola kutsika kwambiri, ndipo limakhalitsa. Koma likakhala lopanda kanthu limameza magetsi onse omwe lapatsidwa, stator n'kumagwira ntchito pa mphamvu yake yonse kwa nthawi yaitali. Komanso limakhala pa ma volt 13 ndi kanthu ngakhale likupuma, zomwe zimasokoneza relay wamba ija. Limafuna DC-DC charger pakati, kabokosi koika malire pa magetsi olowa m'batirelo, ndipo pa galimoto yanu ikhale yaing'ono, ya ma amp 10 kapena cha pomwepo. Zija za ma amp 25 kapena 40 zomwe amaika pa mabakkie oyenda m'tchire zingameze kasupe wanu yense.

Nanga stator yaikulu ya mnzanuyo? Zilipo, ndipo zimathandiza ena. Koma wogulitsa akakuuzani nambala yaikulu, mufunseni kuti pa idling imapereka zingati, chifukwa vuto lanu lili pansi, pa liwiro lochepa, ndipo nambala yotsatsira malonda imakhala ya pamwamba. Stator ina imaonjezera kwambiri injini ikathamanga koma pa idling osasintha kwenikweni. Imafunanso regulator yolingana nayo, pena ndi flywheel yomwe, komanso mawaya ndi pulagi zotha kunyamula zochulukazo. Kuiika ndi ntchito yotsegula chivundikiro cha m'mbali mwa injini, gasket yatsopano, ndi chida chozulira flywheel ngati ikusinthidwa. Kumbukiraninso kuti masana, nyale zili zozima, magetsi oonjezerawo amasanduka kutentha. Kwa munthu wothamanga m'mipikisano ndi nyale zambiri, stator yaikulu ndi yankho labwino. Kwa inu okwawa m'mbali mwa mpanda, sindingayambire pamenepo.

Ngati mwachita zonse zija koma mita ikutsikabe, kapena abwana akufuna kuonjezeranso zina, chinthu chogwirizana ndi ntchito yanu ndi alternator yeniyeni yozunguzidwa ndi lamba. Pali makampani opanga zida zomangira alternator pa mitundu ina ya galimotozi, ndipo muyenera kutsimikiza kuti ilipo ya chaka ndi injini ya Ranger yanu. Ubwino wake ndi uja ndanena poyamba: imapereka zambiri injini ili pansi, ndipo imapanga zokhazo zomwe zikufunika. Kuipa kwake ndi mtengo, lamba wina woti muzimuyang'anira, komanso matope ndi madzi, zomwe alternator siigwirizana nazo ngati stator yotsekeredwa mkati. Tsiku lomwe abwana adzaganize zogula galimoto ina, adziwe kuti zina zimabwera ndi alternator kuchokera kufakitale, monga Kubota RTV ya dizilo ndi Kawasaki Mule Pro-FXT, zomwe anazipangira ntchito yapang'onopang'ono ya pa famu.

Sindingamalize osanena za mawaya, chifukwa batire lakufa mumagula lina, koma moto sumabweza kanthu. Ndinaitanidwapo ku esiteti ina kukaona kagalimoto kotere katapsa mbali yonse ya pansi pa mpando. Woika nyale anatenga waya molunjika ku batire popanda fyuzi, n'kuudutsitsa pa kona ya chitsulo. Kugwedezeka kwa miyezi ingapo kunasenda waya, unagunda chitsulo, n'kufiira ngati wa mbaula yamagetsi, ndipo pansi pake panali udzu wouma wa mu October. Dalaivala anapulumuka chifukwa anali pafupi ndi thanki ya madzi. Chiyambire tsiku limenelo, galimoto iliyonse yobwera kwa ine ndimayamba ndayang'ana pa mutu wa positive kuti pali mawaya angati opanda fyuzi. Kayang'aneni pa yanu lero lomwe. Waya uliyense woonjezera wochoka pamenepo akhale ndi fyuzi pafupi penipeni ndi batire, osapitirira kutalika kwa chikhatho. Fyuzi imateteza waya, choncho kukula kwake kumatsata kunenepa kwa wayayo. Njira yaudongo ndi kutenga waya mmodzi wonenepa wokhala ndi fyuzi yaikulu, kupita naye ku kabokosi ka mafyuzi, chinthu chilichonse n'kumatenga pamenepo ndi fyuzi yakeyake, ndipo kabokosiko kazidzuka ndi relay pokhapokha kiyi akatsegulidwa. Ma Ranger ambiri ali ndi malo olumikizirapo zoonjezera pansi pa boneti, ndipo buku lija likuuzani malire ake. Winchi yokha ndiyo imapita ku batire kudzera pa contactor yake, relay yaikulu ya winchi, ndi mawaya ake onenepa a 16 mm² kapena kuposa.

Kunenepa kwa waya kumakhudzanso kuwala kwa nyale. Ma amp 10 akayenda mamita 6, kupita ndi kubwerera, pa waya wa 1.5 mm², ma volt 0.7 amatayika m'njira ngati kutentha. Pa waya wa 4 mm² amatayika ochepera 0.3. Pa ma volt 12 kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Gwiritsani ntchito waya wa galimoto wa timawaya tambirimbiri mkati, osati wa m'nyumba wa waya mmodzi mkati, womwe umathyoka ndi kugwedezeka. Pogula, palani kamsonga ndi mpeni. Ukaoneka woyera mkati, ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa, musiyeni. Polumikiza musapotokole n'kukulunga tepi, koma panani ndi ma lug oyenera, tizitsulo tolumikizira waya, mutseke ndi heat shrink, kapaipi kofota kakatenthedwa, chifukwa mankhwala opopera amadya mkuwa msanga. Earth nayo ndi theka la njira. Waya wochoka ku negative kupita ku chitsulo cha galimoto ndi ku injini amasulidwe, papalidwe mpaka pawale, amangidwenso zolimba, mupakepo girizi pang'ono. Mavuto ambiri omwe anthu amanamizira stator ndimawapeza pa bawuti imodzi yadzimbiri imeneyi. Pogwira ntchito zonsezi chotsani mutu wa negative poyamba, mudzaubwezere pomaliza, ndipo wotchi yachitsulo ndi mphete zivulidwe.

Kwa abwana mupite ndi pepala la manambala lija, muwauze motere: choyamba tikonze pulagi, earth ndi mafyuzi, tisinthe mababu, tigule tchaja yapakhoma ndi batire limodzi latsopano, tiyende pa L kwa mwezi umodzi tikupima. Kenako tiike batire lachiwiri ndi relay yake kuti tisamagone kumpanda. Alternator ibwere pokhapokha mita ikapitiriza kutsika pansi pa 12.6 pa ulonda. Galimotoyo ndi yawo, ndiye musadule waya uliwonse wa kufakitale asanavomere. Mukapima, nditumizireni manambala anayi: ma volt a batire m'mawa musanalize, pa idling zonse zili zozima, pa liwiro la ulonda zonse zikuyaka fani ikuzungulira, ndi ma volt a AC a mawaya atatu aja. Ndikawaona ndidzakuuzani ngati stator yanu ikadali ndi moyo.